Fila si Chitsulo

M'thumba la ovolosi yanga simusowa kamaginito kamene ndinachotsa mu sipika ya wailesi yakale. Galimoto ikabwera, ndimakayendetsa pazitseko ndi pamadigadi. Pamene pali chitsulo kamakakamira, pamene wina anamatapo fila kamagwa. Masiku ano kakugwa kwambiri. Anyamata okonza galimoto pansi pa mitengo ya mango sawongola chitsulo ayi. Amakanda fila, kumata mpaka dzenje litadzaza, kupala ndi sandipepa, kupopera penti, madzulo mwini galimoto n'kumayamika kuti ntchito yachangu. Dzinja limodzi lokha fila uja wang'aluka, madzi alowa, dzimbiri layamba kudya m'kati. Pamenepo m'pamene amakumbukira njira ya kugalaja kwanga ku Kabwata.

Ndipo akafika, nkhani imakhala ya mtengo. Bwana wina wa ku Kabulonga, wa mpanda wamagetsi ndi mlonda pageti, anabweretsa Peugeot 504 ya malemu bambo ake kuti iwale pa ukwati wa mwana wake. Nditatchula ndalama anagwira pakamwa. "Amdala, uko anandiuza theka la zimenezi." Ndinati, "Bwana, pitani komweko, mudzabwera ukwati ukatha." Munthu amalipira keke osatsutsa, koma gasi, mpweya wa okosijeni ndi msana wanga akufuna zichotsedwe mtengo.

Za kumasula chitseko, kupala penti ndi kudula pamene pawola sindinena, aliyense wa maso angaphunzire. Pamene pamasiyanitsa mmisiri ndi womata ndi apa: chitsulo chikagundidwa sichimangopindika, chimatanuka. Ukachimenya kuti chibwerere, umapeza chachuluka, malo ake akale sichikukwanamo. Pamatsala kachitumbu kamene ukakakankha ndi chala kamalowa, ukasiya kamatuluka. Womata amakamenyera m'kati n'kukwirira. Ife timakafinya ndi moto.

Umayatsa tochi ya gasi, lawi laling'ono, n'kutenthetsa pamsonga pa kachitumbu, malo okula ngati kandalama ka 50 ngwee, mpaka pafiire. Tochi uipereke msanga kwa mnyamata wokuthandiza. Dzanja lamanzere lagwira dole, chitsulo chotsamiritsa, kuseri, lamanja hamala, ndipo umamenya mopepuka mozungulira, kuchokera kunja kulowa m'kati, kukusira chitsulo chofewacho pakati, kenako kamodzi kapena kawiri pamsonga penipeni. Kufiira kukatha, chitsulo chitada, m'pamene umaikapo chisanza chonyowa. Ukafulumira kuthira madzi chikadali chofiira, chimauma gwa, fayilo imangoterereka, ndipo tsiku lina chidzathetheka. Ukachulutsa moto, boneti yonse imachita mafunde, ndiye wadzipangira ntchito ya mwezi. Denga ndi boneti ndiwo malo oopsa, chifukwa mulibe mizere yogwira chitsulo. Ukatha umadutsitsa fayilo mopingasa: pokwera pamawala, potsika pamatsala pakuda. Chomaliza ndi chikhatho. Umayala kansalu, kutsinzina, n'kusisita. Diso limanamizidwa ndi kuwala, chikhatho ayi.

Zonsezi zimakoma pa chitsulo chakale. Cha 504, cha Cortina, cha Fiat zimene ankalumikiza ku Livingstone m'zaka za m'ma 1970, chili ndi mnofu, chimalola hamala. Za ma Vitz ndi ma Spacio zolowera ku Nakonde ndi ku Chirundu n'zopyapyala, ukangoziloza ndi tochi zayamba kale kuvina. Mwina n'chifukwa chake anyamata aja anathawira ku fila. Sindikuwakhululukira, ndikungonena.

Amene anandiphunzitsa anali mdala wa kwathu kum'mawa, wa ku Katete, amene anakhala zaka zambiri m'magalaja a ku Bulawayo asanabwerere ku Lusaka. Anali wamfupi, wosaseka, fodya wa mphuno m'kabotolo. Nthawi yaitali sanandilole kugwira tochi. Ntchito yanga inali kupukuta nkhope za mahamala ndi sandipepa wosalala mpaka ndidzione, chifukwa ankati chipsera cha pa hamala chimasamukira pa galimoto ya mwini. Kenako anandiphunzitsa kumva. Ankandiimika kuseri kwa khoma iye akumenya, n'kufunsa, "Iwe mwana, yagunda pa dole kapena pambali?" Pa dole imalira ngwe, ndipo pamenepo chitsulo chikutanuka. Pambali imalira mogonthera, chitsulo chikungosuntha. Wosamva kusiyana kumeneku amawononga chitseko akuganiza kuti akukonza. Ndikayankha bwino sankayamikira, ankangoti, "Kagule mabanzi."

Iye fila ankamutcha matope. Polumikizira denga ndi thupi ankadzaza ndi mtovu, akuufewetsa ndi lawi n'kuusalaza ndi kathabwa koviika m'mafuta a ng'ombe. Eni galaja ankatipatsa mkaka kuti ati utsuke utsi m'chifuwa, ife n'kumamwa mosangalala. Za zimene mtovu wachita kwa ana a ku Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 koma dothi likadali ndi poizoni, tinadzazimva tili akuluakulu. Mtovu ndinausiya, ndipo mnyamata wanga sindinamuphunzitse. Komabe msoko wa mtovu wa mdala uja ndinauona pa Peugeot 404 ina patapita zaka zambiri iye atamwalira, usanang'ambike ngakhale pang'ono.

Ntchito imene ndimaikonda kwenikweni siibweretsa ndalama. Ndi ya anzanga amene tinakulira limodzi tikusintha mainjini usiku ndi nyali. Wa ku Chelstone ali ndi Datsun 1200 imene tinachotsamo A12 n'kuikamo A14 ya Nissan 1400, ndi makabureta awiri a Weber. Wa ku Woodlands ali ndi Cortina ya V6 ya malita 3 yochokera ku South Africa, imene imamwa petulo woposa penshoni yake. Kale Loweruka tinkathamangitsana mu Great East Road mpaka ku Chongwe, ndipo nthawi ya rally tinkaima m'fumbi tsiku lonse kudikira Satwant Singh adutse. Munthu uja anatenga ukatswiri wa Africa maulendo 8, kuyambira 1988 mpaka 2000, ndipo aliyense wa ife ankadziona kuti akanangopatsidwa galimoto yake akanamupitirira.

Pano Loweruka amabwera kugalaja kwanga, kukhala pa matayala. Boneti timatsegula ndithu, koma nkhani imathera ku BP, shuga ndi mtengo wa mankhwala. Wa Cortina sayendetsanso usiku, akuti magetsi a galimoto za masiku ano amamubaya m'maso. Wa Datsun kugwada amagwada, kudzuka mpaka timukoke. Tikakangana za chaka chimene tinaphulitsa giyabokosi pafupi ndi thanki ya madzi ya ku Chelstone, palibe wotiweruza, chifukwa amene ankakumbukira zonse, mwini Ford Anglia, tinakamusiya ku Leopards Hill. Maliro asanazizire ana ake anagulitsa Anglia ija kwa ogula zitsulo, pa sikelo. Madigadi ake onse anayi ndinawaumba ndi manja angawa. Akanandifunsa ndikanawapatsa kawiri ndalama imene analandira.

Achinyamata okonda liwiro alipo, sindikana. Amaika injini ya 1UZ, V8 ya malita 4 ya Lexus, mu Cressida kapena Hilux yakale, n'kuichuna ndi laputopu, zimene ine sindingathe. Koma tayendetsa maginito pambali pa galimoto zawozo.

Ine ndemwe dzanja layamba kunjenjemera likatopa, choncho ntchito ya moto ndimaichita m'mawa, masana ndimasiyira mnyamata fayilo. Panopa pabenchi pali chitseko cha Datsun ija, pansi pake ndadula dzimbiri n'kuwotchererapo chitsulo cha boneti ya 504 yakufa. Mdzukulu wa mnzangayo, amene akuti ndiye adzaitenge, anabwera dzana ndi masipika awiri aakulu. "Agogo, mungandiboolereko apa ndi apa?" Ndinamuuza kuti akafunse agogo ake enieni, ndipo akavomera, akapeze wina wobowola.