Kachirombo Kamodzi, Matupi Awiri

Ife amene timaphunzitsa ana kusukulu ndi kuyendera mabanja mumpingo timamva kawirikawiri dzina la HPV likutchulidwa pamodzi ndi amayi. Chifukwa chake nchomveka. Kachirombo aka ndiko kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, imene yatilanda alongo athu ambiri muno m'Malawi. Katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndi anzake anapeza mtundu wake woopsa wotchedwa HPV 16 m'chaka cha 1983, ndipo m'chaka cha 2019 dziko lathu linayamba kupereka katemera kwa atsikana a zaka 9. Koma ife abambo tisakhale phee ngati nkhaniyi siitikhudza, pakuti akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kachirombo komweka, kamene kamafala pogonana, kamathanso kukhazikika kummero ndi kutsinde kwa lilime, nkuyambitsa khansa kumeneko patapita zaka zambiri. Ku America, mwa odwala 10 a khansa ya pamalo amenewa, pafupifupi 7 amadwala chifukwa cha HPV, ndipo amuna amaposa akazi kanayi kapena kupitirira. Madokotala aona kuti thupi la mkazi likakumana ndi kachiromboka limapanga chitetezo m'magazi kawirikawiri kuposa la mwamuna, ndi kuti mwa amuna kamachedwa kuchoka m'kamwa.

Palinso china chotidabwitsa. M'thupi muli timadzi totchedwa mahomoni, timene timayenda m'magazi kunyamula mauthenga. Homoni ili ngati kiyi, ndipo m'maselo muli timaloko take. Popanda loko woyenera, kiyiyo satsegula kanthu. Oestrogen ndi homoni yochuluka mwa akazi, ngakhale amuna ali nayonso pang'ono. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2019 anasonyeza kuti timaloko ta oestrogen timapezeka m'zotupa zambiri za kummero zobwera ndi HPV, ngakhale mwa amuna, ndi kuti odwala amene zotupa zawo zinali nato anakhala ndi moyo nthawi yaitali atalandira chithandizo. Tikamalingalira zimenezi timazizwa ndi nzeru za Mlengi, amene anatiumba mosiyana ngakhale m'tizinthu tosaoneka ndi maso.

Nanga tichitenji, okondedwa? Choyamba, tileke kuloza chala amayi monga ngati iwo ndiwo gwero la nthendayi, pakuti mwamuna amatenga kachiromboka ndi kukapereka osadziwa. Kukhulupirika m'banja kumene timalonjeza pamaso pa mpingo kumatchinjiriza onse awiri. Chachiwiri, tilole ana athu aakazi kulandira katemera, osamvera mphekesera zakuti amatseka kubereka. Maiko ena akutemeranso anyamata: Australia anayamba mu 2013, Britain mu 2019. Chachitatu, tipewe fodya ndi kachasu, zimenenso zimabala khansa ya kummero.

Chotsiriza ndi chovuta kwa ife amuna, amene timayesa kupirira ndiko ukulu. Chotupa cha m'khosi chosapweteka, kuvutika pomeza, zilonda za kummero zosapola, kapena khutu limodzi lopweteka masabata atatu osaleka, zonsezi nzofunika kukaonetsa kuchipatala. Khansa yobwera ndi HPV imamva mankhwala kuposa yobwera ndi fodya, makamaka ikapezeka msanga. Amayi, mukaona bambo akumeza nsima movutikira, musangowafewetsera phala. Aperekezeni kuchipatala, ndipo ife akulu a mpingo tidzapemphera nanu pamene madokotala akugwira ntchito yawo.