Zigoba za Sewero Sizilira Ndalama

Aphunzitsi anzanga ena amati zisudzo n'za sukulu zam'tauni zokhala ndi ndalama. Ine ndimakana. Ana anga a Fomu 2 amapanga okha zigoba.

Timaumba nkhope ndi dongo la kudambo, n'kuipaka Vaseline kuti mapepala asakanirire. Kenaka timang'amba nyuzipepala zakale, n'kumata tizidutswato pankhopepo ndi phala la ufa wa chinangwa, kusanjikiza kasanu. Chigoba chikauma gwa, timachichotsa padongo, kuboola maso, n'kuchikongoletsa ndi makala ndi choko.

Lamulo langa n'limodzi: sititengera nkhope za Gule Wamkulu, zili ndi eni ake kudambwe. Ife timaumba Kalulu, Fisi ndi Njovu.

Phindu ndimaliona: mwana wamanyazi akavala chigoba, mawu amatuluka.