Mimba Imene Sinali Mimba

Amayi anzanga, ndili ndi mlandu umene ndifuna kuulula pamaso panu. Mayi wina wa m'gulu lathu la zosokasoka kuno ku Likuni anayamba kukula mimba ali ndi zaka 46. Tinamuseka kuti akufuna chitsirizira paukalamba. Koma kumwezi anali kupitabe, ndipo magazi anali kutaya ambiri, kufikira zikhato zinayera. Abale ake anati amuchita. Ine, amene amati mtsogoleri, ndinati, "Dikirani mayi, n'kusintha kwa thupi kumeneko." Tinataya miyezi isanu ndi umodzi.

Titapita kuchipatala anamuunika m'mimba ndi makina, napeza chotupa m'chiberekero. Adokotala anatifotokozera kuti chiberekero ndi mnofu, ndipo mnofuwo nthawi zina umamera mibulu yolimba imene amaitcha mafaibroidi. Mibuluyi ndi yofala kwambiri pakati pa ife akazi akuda, siili khansa, ndipo kawirikawiri imafota mayi akasiya kusamba. Komatu pali chotupa china chosowa, chomera mumnofu womwewo, chimene chili khansa. Pa makina ziwirizi zimaoneka ngati mapasa. Chosiyanitsa n'chimodzi: achotse chotupacho, adule kachidutswa, katswiri akaone pa maikulosikopu.

Ndinafunsa kuti nanga suja anamupima ndi viniga chaka chathachi? Anati kupima kumeneko kumaona khomo la chiberekero lokha, za m'kati ayi. Zimenezi ine sindinali kuzidziwa, ngakhale ndimalimbikitsa amayi kukapimitsa. Anawonjeza kuti zotupa za mnofu zimamera ngakhale m'chikhodzodzo, mwa ana aang'ono omwe. Motero mkodzo wa magazi usamangotchedwa likodzo.

Kale tizidutswa totere a ku Lilongwe ankatitumiza ku Blantyre. Kuyambira 2011 chipatala cha Kamuzu Central chili ndi malo akeake opimira. Ngakhale zili tero, kudikira kumawawa. Mayiyo atachitidwa opaleshoni, amuna ake anali kundipeza m'mawa uliwonse: "Amayi, kodi mwamvako kanthu?" Ine n'kungoyang'ana pansi, podziwa mawu amene ndinanena aja.

Yankho linabwera lakuti si khansa. Chiberekero anachotsa, ndipo apongozi ake sanakondwe, ngakhale ana asanu alipo kale. Lachiwiri lapitali wabwerera ku gulu. Sanayambe kupalasa makina osokera, pakuti bala likadamva, akungotidulira nsalu.