Joni Wakonzedwa, Nanga Osauka Agona Kuti?

Ife amene tinafika ku Joni m'zaka za m'ma 1990 tinapeza pakati pa mzindawu pakuzilala. Mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu za chakum'mawa zinkatsekedwa imodzi ndi imodzi. Makampani ankathawira kumpoto, moti mu 2000 ngakhale msika wa masheya wa JSE unasamukira ku Sandton. Nyumba zosanja zambiri zinasiyidwa, zigawenga n'kuzilanda ndi kumalipiritsa lendi anthu osowa kolowera. Kukada, sindinkayerekeza kudutsa mu Fox Street.

Ndaona ndi maso anga derali likudzukanso. Mu 2003 anatsegula mlatho wa Nelson Mandela wolumikiza Braamfontein ndi Newtown. Mu 2009 Jonathan Liebmann anasandutsa nyumba zakale za katundu kukhala Arts on Main, chiyambi cha dera la Maboneng. M'mene munkaunjikidwa mabokosi munalowa akatswiri a zojambula, kuphatikizapo William Kentridge. Kunabwera malo odyera, magetsi a mumsewu ndi alonda. Abale athu ena anapeza maganyu ophika, otsuka mbale ndi olondera magalimoto. Izi ndimaziyamikira ndi mtima wonse, pakuti ndikukumbukira mantha a kale.

Komabe dera likakongola, lendi imakwera. Wotsuka mbale uja akaweruka amabwerera kunyumba yopanda madzi, ya mawaya a magetsi olumikiza mwachinyengo, momwe mabanja amapatulana zipinda ndi makatoni ndi matabwa. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa, ndipo anthu oposa 70 anafa. Ena mwa iwo anali Amalawi anzathu. Malowo sali kutali ndi Maboneng, munthu amayenda wapansi.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikamva kuti dera latsitsimutsidwa ndimafunsa kaye kumene kumagona anthu oligwirira ntchito. Ku Jewel City, komwe kale ankachitira malonda a dayamondi, anakonzako nyumba za lendi yotsikirapo, sukulu ndi bwalo la masewera. Njira ndi imeneyo, ngakhale wamaganyu sangaikwanitsebe lendiyo. Khonsolo ya mzinda ili ndi nyumba zambiri zongokhala. Izikonze, iikemo madzi ndi makomo othawira moto, lendi yake ikhale yoti mlonda ndi mayi wogulitsa tomato angathe kulipira. Anthu amene sanauthawe mzindawu pa nthawi yovuta ndi oyenera kuyamba kudyerera ukakonzedwa.