Ndodo Yanga ndi Mtengo wa Mango

Ndifuna kukuuzani za mwana wa mlongo wanga, namwali wa zaka 18, amene anadza kwa ine tsiku lina madzulo ali ndi pepala m'dzanja lace. Zotsatira za mayeso a MSCE zinali zitaturuka, ndipo iye anakhoza. Anagwada pakhonde, nandipatsa pepalalo ndi manja awiri, nati, "Atsibweni, ndifuna kukaphunzira uinjiniya ku Blantyre. Mundithandize kulemba pempho langa." Amace anali atagulitsa mbuzi ndi cimanga kuti iye afike pa Folomu 4, ndipo mbumba yonse inaika mtima pa mwana ameneyu.

Kwa iwo osadziwa makonzedwe a mayesowa ndinene pang'ono. Bungwe la MANEB lipatsa wophunzira nambala pa phunziro liri lonse, kuyambira 1 kufikira 9. Nambala 1 ndi 2 ndiko kukhoza koposa, 3 kufikira 6 ndiyo kirediti, 7 ndi 8 ndiko kungopyola, 9 ndiko kulephera. Wofuna malo m'yunivesite ya boma ayenera kukhala ndi makirediti 6, Cingerezi pakati pao, ndipo pempho lace lipita ku bungwe la NCHE. Aonkhetsa nambala za maphunziro 6 amene anakhoza bwino, ndipo wa mapointi ocepa ndiye apambana. Komatu iwo ophunzitsa uinjiniya ku MUBAS, imene kufikira 2021 tinaichula Polytechnic, kapena ku MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, sayang'ana cionkhetso cokha iai. Afuna kuona Masamu, Physics ndi Chemistry. Mwana wathu anali ndi mapointi 15, koma pa Masamu anali ndi 5, ndi pa Physics 6.

Nditaona nambala ziwirizi mtima wanga unabwerera ku unyamata wanga. Inenso ndinasankhidwa kale kukaphunzira sayansi, ndipo anthu anandiperekeza ndi nthungululu. Masamu ndinawakhoza ndi kuloweza pamtima. Ndinadziwa malamulo onse monga mwana adziwa nyimbo, osazindikira konse cifukwa cace lamulo liri lotero. Kumeneko aphunzitsi anatifunsa mafunso amene sindinawaonepo m'buku liri lonse, ndipo ndinakhala duu, colembera m'dzanja. Caka cimodzi citatha anandibweza kumudzi. Manyazi a tsiku lija ndiwakumbukira kufikira lero, ndipo sindinena mlandu munthu wina, pakuti colakwa cinali canga. Ndinali ndi pepala londicitira umboni, koma m'mutu mwanga munalibe cimene pepalalo linanena.

Cifukwa cace sindinamyankhe mwanayo msanga. Ndinamlozera mtengo wa mango uli pabwalo panga, ndi kumpatsa ndodo yanga ndi cingwe coyesera, ndi kuti, "Undiuze msinkhu wa mtengo uwu, osaukwera, osaudula." Iye anaseka, nachula bwino lomwe lamulo la m'buku lonena za matrayango ofanana. Ndinati, "Wanena zoona. Nanga mtengo ndi wautali bwanji?" Pamenepo anatonthola. Anauzungulira mtengo kawiri, nayang'ana kumwamba, nalowa m'nyumba ndi misozi m'maso, ndipo usiku uja sanadye nsima.

M'mawa mwace, dzuwa litakwera, ndinampeza pabwalo ali yekha. Anali atataya ndodo yanga, nadula nsungwi ya mamita 2, naizika ciriri pansi. Anayesa cithunzithunzi ca nsungwiyo napeza mamita 3. Anayesa cithunzithunzi ca mtengo napeza mamita 18. Ndipo anati, "Atsibweni, dzuwa liomba nsungwi ndi mtengo mofanana. Cithunzithunzi ca mtengo ciposa ca nsungwi kasanu ndi kamodzi, cotero mtengo uli mamita 12." Nkhope yace inawala, ndipo inenso ndinakondwera kwakukuru, pakuti cimene ine sindinacipeze pa zaka zonse za sukulu iye anacipeza pa usiku umodzi wa kusauka mtima. Ndinamuuza kuti Agriki akale anasimba za Thales wa ku Miletus, amene anakhala zaka ngati 600 Kristu asanabadwe, kuti anayesa msinkhu wa piramidi ya ku Egypt ndi njira yomweyi.

Ndinamuuzanso za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 iye analeka sukulu cifukwa ca kusowa ndalama. Anamka ku nyumba ya mabuku ya pafupi ndi kwao, napeza buku la Using Energy, ndipo ali ndi zaka 14 anamanga makina ozungulira ndi mphepo, a mitengo ya bulugamu ndi zitsulo za njinga ndi zina zotola, nayatsa magetsi m'nyumba ya atate wace. Pa nthawiyo analibe pepala la mayeso, koma nchito ya manja ace inamcitira umboni. Mu 2007 analankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, pambuyo pace anaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo mu 2014 anatsiriza maphunziro ace ku Dartmouth College ku America.

Sindinena kuti pepala liri cabe. Kuno kwathu pepala ndilo litsegula citseko, ndipo wopanda nambala zabwino pa Masamu ndi Physics sadzalowa, cinkana ali ndi nzeru zotani. Mayunivesite ambiri a kunja afunanso kalata imene wopemphayo afotokozamo za iye mwini, ndi kalata ya mphunzitsi womdziwa. M'kalata yotere mau akuti "ndikonda sayansi" alemera pang'ono, pakuti onse alemba comweco. Colemera ndico kunena cimene unayesa, cimene cinakukanika, ndi umo unacikonzera.

Cotero tinakhala pansi atatu, ine ndi mlongo wanga ndi mwanayo. Ndinati nambala 5 ndi 6 ndi zofoka pa mpikisano wa malo a uinjiniya, ndi kuti angakhale atampatsa malo, maziko ace sanalimbe. Ndinapempha kuti alembenso mayeso caka camawa. Amace anakana poyamba, nati, "Acimwene, mbuzi zatha. Ndigulitsenso ciani?" Mau awa anandilasa, pakuti anali oona. Ndinabvomera kulipira ine mwini, cinkana ndinadziwa kuti denga langa lodontha lidzadikira caka cina. Mwanayo anapempha masiku awiri kuti alingalire, ndipo tsiku lacitatu anadza nati, "Ndidzalembanso."

Tsopano ali ndi kope limene alembamo zoyesa zace. Wayesa kuya kwa citsime ndi mwala womangirira ku cingwe, wawerenga malita a madzi amene mgolo wathu ulandira pa mvula imodzi, waphwasula tochi yakufa napeza pamene waya anaduka. Funso likamkanika salitaya. Alemba tsiku lace m'mphepete, nabwererako mawa. Ngati adzapata malo, zimenezo ziri m'tsogolo, ndipo ine ndiri ndi nkhawa monga mtsibweni ali yense.

Inu akuru amene muli ndi ana ofuna maphunziro a sayansi, musakondwere ndi cionkhetso ca mapointi cokha. Yang'anani nambala ya Masamu, ndipo mukatero mturutseni mwanayo pabwalo ndi kumfunsa kanthu kosalembedwa m'buku. Akale anati mmera mpoyamba. Nkwabwino kuti mwana alire usiku umodzi pakhomo panu, pamene mukhoza kumthandiza, koposa kubwera ndi katundu wace pamutu monga ndinabwerera ine.