Rufunsa sanali malo ongodutsapo

Aliyense woyenda masiku ano mumsewu wa Great East, kuchokera ku Lusaka kulowera ku Chipata, amaona kuti m'mbali mwa msewuwu mwayera. Pamene panali miombo yothithikana, lero pandanda matumba a makala odikira malole a mumzinda. Komatu chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti pamodzi ndi mitengoyo kwatha chizolowezi choima panjira. Boma la Rufunsa, lomwe linapatulidwa ku Chongwe mu 2012, lasanduka dera longodutsamo, ndipo maganizo anga ndi akuti malo okongola ndi a mbiri amafa anthu akasiya kuimapo ndi kuwatchula mayina.

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tinalidziwa derali kudzera pazenera la basi ya UBZ. Ulendo unkadya tsiku lathunthu, ndipo makolo ankakhala ndi nthawi yolozera ana malo alionse. Pa Chinyunyu ankatiuza za kasupe amene madzi ake amatuluka pansi ali otentha, nthunzi ili tolotolo m'mawa wa nyengo yozizira. Patsogolo ankatchula Mpanshya, kumene kuli chipatala cha mishoni cha St Luke. Basi ikayamba kubuula m'mapiri a Manenekera, akuluakulu ankangoti zii, ena akupemphera chamumtima, pamene ana maso ali kuzigwa zakuya zodzaza mitengo. Kenako unkaonekera mlatho wa Luangwa, wokoledwa ndi zingwe zachitsulo pa nsanamira ziwiri zazitali, umene unatsegulidwa mu 1968 m'malo mwa wakale wa mu 1932. Asilikali ankaulondera chifukwa malire a Mozambique ali pafupi ndipo inali nthawi ya nkhondo zomenyera ufulu m'maiko oyandikana nafe. Mwana wofika pamenepo, fungo la nsomba zouma lili m'mphuno, madengu ndi malichero zili mbwee pamsika, ankakhala ataphunzira mbiri ya dziko lake osatsegula buku. Zaka zimenezo zinali zabwino ndithu.

Wina anganene kuti ndikutamanda mavuto. Zoonadi, galimoto za nthawi imeneyo zinkafa panjira, ndipo wodwala kapena wamalonda amathokoza kuti lero amafika msanga. Zimenezo sinditsutsa. Koma kufulumira kwabwera ndi mtengo wake. Basi ya masiku ano imaima mphindi zochepa pamsika wa pamlatho, anthu n'kugula nsomba mothamanga, ndipo m'Manenekera ambiri amadutsa maso ali pafoni. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo malo amene munthu sanawaone modekha sangawamvere chisoni akamaonongeka. Umboni wake ulipo. Pamene kunamveka zoti kukumbidwe mgodi wa mkuwa wa Kangaluwi m'kati mwa paki ya Lower Zambezi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1983, anthu a m'dziko ndi akunja anafuula mpaka ntchitoyo inaimitsidwa mu 2023. Pakiyo anaitchinjiriza chifukwa alendo amagonako ndipo amaikonda. Mapiri a m'mbali mwa msewu alibe owalankhulira otero, n'chifukwa chake akumetedwa mwakachetechete.

Enanso anganene kuti wootcha makala akufuna chakudya ndi ndalama za sukulu ya ana, ndipo kukongola kwa phiri sikukhutitsa mimba. Mawuwa ndi olemera, ndipo amene amaphikira makala omwewo ku Lusaka alibe pakamwa podzudzulira mlimi wa ku Rufunsa. Koma mtengo ukaotchedwa umadyetsa banja kamodzi, pamene mtengo woimirira umabala masuku, umameretsa bowa, umasunga njuchi, ndiponso umakopa mlendo chaka ndi chaka. Vuto ndi lakuti alendo ambiri a ku Lower Zambezi amalowera ku Chirundu kapena pandege, kotero ndalama zawo zimadutsa kutali ndi midzi ya kumapiri. Munthu amasunga chimene chimamudyetsa. Ngati kasupe wa Chinyunyu, malo oonerapo zigwa ku Manenekera, ndi miyambo ya Asoli monga Chibwela Kumushi ya kwa mfumu Bunda Bunda zitamabweretsa kangachepe m'thumba la mwini mudzi, nkhwangwa ingapumuleko.

Choncho sindikupempha kuti mabasi akale abwerere. Ndikupempha khonsolo ya Rufunsa, mafumu a Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta, pamodzi ndi bungwe losunga malo a mbiri la National Heritage Conservation Commission, kuti akonze malo oimikapo galimoto, aike zikwangwani zofotokoza mbiri, ndipo aphunzitse achinyamata a m'midzimo kuperekeza alendo. Aphunzitsi nawo atenge ana a sukulu akaone mlatho ndi kasupe ndi maso awo. Ndipo inu amene muli ndi galimoto yanuyanu, ulendo wotsatira wa kum'mawa nyamukani m'mamawa, muime pa Chinyunyu, mugule dengu kwa woluka, ndipo muuze ana anu dzina la phiri lililonse limene mukudutsa.