Mbuzi Ziwiri ndi Foni ya Mwana wa Mlongo Wanga

Mwana wa mlongo wanga atasankhidwa kupita ku yunivesite, ndinagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndimugulire foni yamakono. Anandiuza kuti aphunzitsi amatumiza ntchito ndi mabuku pa WhatsApp, ndipo sananame. Mwezi ndi mwezi ndinkamutumizira ndalama ya bandulo, nthawi zina ndisanagule ndi feteleza yemwe.

M'chaka chake chachiwiri anabwera kumudzi titangokolola. Tinkatonola chimanga pakhonde iye ali pakati pathu, koma foni ikangolira, chimanga chinkagwa m'manja. Usiku m'gowelo mwake munkawala mpaka tambala woyamba, ndipo kukacha ankayenda ola lathunthu kukatchajitsa pa sola ya kugolosale. Agogo ake atamuitana katatu osayankhidwa anangoti, "Mwanayu sali nafe."

Zotsatira za mayeso zitatuluka, anali atalephera maphunziro awiri. Sindinakalipe, ngakhale mbuzi zija zinandibwerera m'mutu. Ndinamufunsa chimene amachita usiku wonse. "Amalume, palibe chenicheni," anatero. "Ndimangoyankha anzanga. Ndikasiya ndimamva ngati ndatsala ndekha." Yankho limeneli linandiopsa kuposa kulepherako, chifukwa mawu otere ndinawamvapo kwa amuna amene kachasu anawagwira.

Facebook inayambira pa yunivesite ya Harvard mu 2004, ili bwalo lochezera ophunzira okhaokha. Makampani otere amapeza ndalama poonetsa malonda, choncho amafuna kuti maso athu akhalitse pamenepo. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti kumwerekera ndi masewero a pakompyuta ndi matenda. Kucheza pa intaneti silinakuike m'kaundula ameneyo, komabe zizindikiro zimene linatchula ndinazionera pakhomo panga: kulephera kudziletsa, kutaya zinthu zofunika, ndi kupitirizabe ngakhale zinthu zikuonongeka.

Kumulanda foni sikukanatheka, poti maphunziro ake ali momwemo. Tinapangana kuti ikakwana 9 koloko usiku azindisungitsa. Masiku atatu oyamba ankangozungulira pabwalo ngati nkhuku yosowa poikira. Lachinayi anagona mpaka dzuwa kutuluka.

Atabwerera kusukulu analembanso mayeso aja, nakhoza phunziro limodzi. Linalo akulibwereza. Bandulo ndimatumizabe, ndipo nthawi zina ndikadzidzimuka 2 koloko usiku ndimaona pa WhatsApp kuti ali maso. Sindimulembera, kuopa angandifunse chimene ineyo ndikufuna pafoni nthawi imeneyo.